Nthenda Imene Dothi Limasunga

Pamene ndinali ku koleji ya aphunzitsi anatiphunzitsa mfundo ziŵiri zimene nafenso tinkazibwereza kwa ana: kuti kachilombo koyambitsa matenda kamafa ukakaŵiritsa, ndi kuti chakufa chikakwiriridwa nthaka imachimaliza. Pa matenda ambiri mau ameneŵa ndi oona, ndipo wina asaleke kuŵiritsa madzi akumwa chifukwa cha zimene nditi ndinene. Koma lero tikambirane za choyambitsa matenda china chimene sichimvera malamulo aŵiriŵa.

Dzina lake ndi prion. Anachitcha dzinali ndi dokotala wa ku America, Stanley Prusiner, m'chaka cha 1982, ndipo mu 1997 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyo. Prion si bakiteriya, si vairasi, ndipo alibe moyo woti n'kuupha. Ndi puloteni chabe. Puloteni ameneyu alimo kale m'thupi mwa inu ndi ine, makamaka mu ubongo, ndipo savutitsa. Mlandu umayamba akapindika molakwika. Oumba njerwa amadziŵa kuti chikombole chikakhota, njerwa zonse zotulukamo zimakhota. Tsono taganizani kuti njerwa iliyonse yokhotayo nayonso ikusanduka chikombole. Umu ndi mmene prion amachulukira: wokhota akakhudza wabwino amamukhotetsa, mpaka ubongo umachita timaenje ngati chinkhupule. Mankhwala ochiza palibe.

Nthenda yakale kwambiri ya mtunduwu ndi ya nkhosa, yotchedwa scrapie, imene inalembedwa ku Britain mu 1732. Nkhosa yodwala imadzikhula pa mitengo mpaka ubweya kuthothoka. Yotchuka ndi ya misala ya ng'ombe, imene inadziŵika m'dziko lomwelo mu 1986. Ng'ombe zinkadyetsedwa ufa wa nyama ndi mafupa a ziŵeto zinzake. Zoposa 180,000 zinadwala, ndipo anthu 178 anamwalira ndi nthenda yochokera ku nyama yake. Nthenda ya ng'ombeyi inatsika ataletsa chakudya chimenecho. Ya nkhosa ndiyo yakanika, pakuti imatuluka m'malovu, m'ndowe ndi m'zotuluka pobereka, nitsalira pamalo.

Umboni wake tikautenge ku Iceland, chilumba chozizira cha kumpoto kumene nkhosa ndi chuma cha mlimi. Mu 1978 boma la kumeneko linayamba nkhondo yothetsa scrapie. Khola likagwidwa ndi nthendayi, nkhosa zonse zinkaphedwa, makola n'kutsukidwa ndi mankhwala, malo n'kusiyidwa opanda nkhosa zaka ziŵiri kapena zitatu, kenaka n'kubweretsa ana ankhosa ochokera kumadera opanda nthenda. Inu ndi ine tikanati basi zatha. Koma pofika 2004 nthendayi inali itabwereranso pa mafamu 33. Pa famu ina inabwerera patapita zaka 18. Atafufuza anapeza kuti zaka ziŵiri m'mbuyo mwake mlimi anagoneka ana ankhosa m'khola lakale limene silinatsukidwe nthaŵi ija. Ofufuzawo, polemba mu 2006, anati prion anadikira m'kholamo zaka zosachepera 16. Mwana wobadwa chaka chimene nkhosa zija zinaphedwa anali atafika ku sekondale, nthenda ili phee pa khoma.

Kale mu 1991 Paul Brown ndi Carleton Gajdusek anali ataonetsa zofanana. Iwo anasakaniza dothi ndi ubongo wa tinyama tonga mbeŵa todwala scrapie, nalikwirira m'dimba zaka zitatu. Atalifukula linadwalitsabe tinyama tina. Ku Colorado nako, kumene nthenda yoondetsa nyama zonga agwape inaoneka koyamba mu 1967, agwape abwinobwino anadwala ataikidwa mu mpanda umene odwala anachokamo zaka ziŵiri zapitazo.

Nanga nthaka, imene imaoletsa ngakhale njovu, ikulepheranji pamenepa? Chifukwa choyamba ndi kupindika kuja. Prion amadzikulunga molimba ndi kumamatirana ndi anzake, kotero kuti timadzi togaya mapuloteni, timene tizilombo ta m'nthaka timagwiritsa ntchito, timasoŵa pogwira. Chachiŵiri, ndipo ichi ndicho chinandizunguza mutu, ndi dongo. Ofufuza a pa Yunivesite ya Wisconsin anapeza kuti prion amakakamira kwambiri dongo lotchedwa montmorillonite, mtundu womwewo umene umachititsa makande kumata nthaŵi ya dzinja ndi kung'aluka m'chilimwe. Akakakamira chotero mvula simukokolola kupita pansi. Amakhala pamwamba pomwe ziŵeto zimadya ndi kunyambita. Munthu akanaganiza kuti womangidwa ndi dongo wafooka. Iyayi. Mu 2007 anaonetsa kuti prion womata pa dongoli, akadyedwa, mphamvu yake yodwalitsa imachuluka ka 680 kuposa wosamata. Mu 2015 ena a ku Texas anaonetsanso kuti udzu wa tirigu umamugwira pa mizu ndi pa masamba, ndipo tinyama todya udzuwo tinadwala.

Moto nawo suthandiza msanga. Madzi amaŵira pa madigiri 100, ndipo prion sazimva n'komwe. M'chaka cha 2000 Paul Brown anaotcha ubongo wodwala pa madigiri 600 mpaka unasanduka phulusa, koma phulusalo linadwalitsa tinyama 5 mwa 35. Pa madigiri 1,000 m'pamene panalibe kodwala. M'zipatala zipangizo zimaphikidwa ndi nthunzi pa madigiri 134 kwa mphindi 18, kapena kuviikidwa ola lathunthu mu soda woŵaula kapena m'mankhwala oyeretsera zovala amphamvu kwambiri. Mpeni wa dokotala ukhoza kuuchita zimenezi. Dambo lodyetsera ziŵeto sungaliphike.

Komabe adani ake alipo, ndipo ndi onyozeka ndithu. Mu 2011 ofufuza a ku America anapeza kuti mitundu ina ya ndere, zija zomera pa miyala ndi pa makungwa a mitengo, ili ndi timadzi timene timamuphwanya. Mwala wina wakuda wa manganese wopezeka m'nthaka umateronso. Ku Alberta, m'dziko la Canada, anaonetsa mu 2018 kuti asidi wa m'dothi lachonde, lija la masamba oolerana, amachepetsa mphamvu yake. Kunyowa ndi kuuma mobwerezabwereza nakonso kumamufooketsa pang'onopang'ono. Ndinene mosabisa kuti zonsezi zinaonekera m'mabotolo a ofufuza, ndipo zambiri zimangochepetsa, sizimaliza.

Wina angati izi n'za kumaiko a chisanu. Mu 2018 nthenda ya prion inapezeka mu ngamila pa malo ophera nyama a ku Ouargla, m'dziko la Algeria, kuno ku Africa. N'chifukwa chake ine ndimagwirizana ndi alangizi a ziŵeto akamati chiŵeto chimene chinkadzandira, kunjenjemera ndi kuonda chisanafe asachigaŵane anthu, asachiponyere agalu, koma aitanidwe iwo adzachione.

Dziko la Norway linapeza nthenda ya agwape ija mu 2016, m'gulu la nyama za m'tchire zotchedwa reindeer, m'mapiri a Nordfjella. Boma linalamula kuti gulu lonselo, nyama zoposa 2,000, liphedwe, ndipo ntchitoyo inatha mu 2018. Malo onyambitirapo mchere anawatchinga ndi mipanda, dera lonselo n'kulamulidwa kukhala lopanda reindeer zaka zosachepera zisanu. Zakazo zisanathe, mu 2020, mlenje wina anapha reindeer yodwala m'mapiri ena, a Hardangervidda, kumene kuli gulu lalikulu koposa m'dzikolo.