KUUGWIRA MTIMA POLONDERA NYANJA

Mawu amene mlangizi wa za usodzi anayankhula pa maphunziro a makomiti a m'madoko mumzinda wa Mzuzu

 Tikuthokoza kuti mwasiya zida zanu n'kukwera mapiri kudzafika kuno kozizira.

Dzulo tinakambirana za kukula kwa maso a maukonde ndi nyengo yotseka nyanja. Lero tikambirana za mtima wapachala, chifukwa nawo umapha makomiti monga momwe neti ya udzudzu imaphera tiana ta nsomba.

Kale ntchito yolondera nyanja inali ya boma lokha. Mu 1993 boma linayamba kugwira ntchitoyi limodzi ndi asodzi ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linapereka mpata woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Udindo umenewu unabwera ndi katundu wake. Wolanda ukonde lero si mlendo wovala yunifolomu amene akamaliza akwera boti n'kubwerera ku boma. Ndinu amene, ndipo mwini ukondewo ndi amalume anu, alamu anu kapena mkulu wa mpingo wanu. Mawa mukakumana nawo pa maliro.

Tikuuzeni zimene zinationekera ife. Chaka china mu Novembala, nyanja itatsekedwa kwa makoka, ife ndi komiti ya pa doko lina tinapeza khoka limene kuthumba kwake anasokererako neti ya udzudzu. Mwini wake anali bambo wachikulire, ndipo wapampando wa komiti anali mphwawo. Titaona kasawala atadzaza mabeseni tinapsa mtima, n'kuwatchula bambowo kuti ndi mbava, pamaso pa alovi awo ndi amayi ogula nsomba. Nthawi yomweyo anyamata ananyamula nkhafi. Mlembi wa komiti anavulala pamutu, khoka analitenga eni ake, ndipo mlandu umene unafika kwa amfumu unali wa chipongwe chathu, osati wa neti ija. Komitiyo inatha miyezi osakumana. Pa lamulo tinali okhoza, koma pakamwa tinalakwa, ndipo zimene zinaluza ndi nsomba.

Kodi chimachitika n'chiyani munthu akakwiya? Mtima umagunda mofulumira, mpweya umafupika, manja amauma, ndipo makutu amatsekeka. Thupi limakonzekera ndewu, osati kukambirana. Akatswiri a za maganizo amanena kuti thupi lotere limafuna mphindi zosachepera 20 kuti likhazikike. Amanenanso kuti kungobisa mkwiyo pankhope sikuuchepetsa m'kati. Chimene chimathandiza ndi kuyiona nkhaniyo mwa njira ina. Choncho kuugwira mtima si mantha, ndipo si kulekerera wolakwa. Ndi kusankha nthawi, malo ndi mawu. Tikupemphani kuti musunge mfundo izi:

1. Konzekani musanafike pa doko. Gwirizanani kuti woyankhula ndani, wolemba ndani. Mukamayankhula nonse nthawi imodzi, mwini zida amaona ngati mwadzamuukira. Ngati iye ndi mbale wa wapampando, ayankhule membala wina.

2. Dziwani zizindikiro za thupi lanu. Wina amanjenjemera milomo, wina amayamba kuloza chala. Mukaona zimenezi, bwererani m'mbuyo pang'ono, tsitsani manja, pumani mozama, ndipo mnzanu apitirize. Muzikhala ndi mawu odziwa nokha okumbutsana, monga akuti "tiyeni tikamwe madzi".

3. Dzifunseni kuti munthuyu akuopa chiyani. Amene akukukalipirani mwina wachezera usiku wonse pa kauni, wawononga mafuta a injini, wabwerako ndi usipa wosadzaza ndowa, ndipo kunyumba kukudikira ngongole ndi fizi. Kudziwa izi sikufafaniza mlandu wake, koma kumakuthandizani kuona kuti akulimbana ndi njala yake, osati ndi inu.

4. Dzudzulani chida, osati munthu. Mawu akuti "Bambo, neti iyi ndi yoletsedwa ndipo tiyilemba" amasiya khomo lotsegula. Mawu akuti "ndinu mbava" amalitseka. Musatchule mtundu wa munthu, kwawo kumene anachokera, kapena makolo ake. Asodzi obwera ochokera ku maboma ena alandire ulemu womwewo.

5. Musaweruzire pa mchenga. Munthu wamkulu sangagonje alovi ake akuonerera. Mutengereni pambali. Lembani dzina, tsiku, chida ndi mboni, ndipo nkhani ikakambidwe pa bwalo la amfumu, mitima itazizira. Nsomba ndiyo imawola mukachedwa nayo, koma mlandu suwola.

6. Musakangane pamadzi. Bwato likagubuduka silisankha wolakwa ndi wokhoza. Ngati chilimira chakola matchera a wina, sungani chizindikiro cha malowo, kokerani kumtunda, mukakambirane pouma.

7. Pewani mowa pa tsiku lolondera, ndipo musatsutsane ndi munthu woledzera. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene ufumu wa a Makanjira wakhala ukutseka usodzi chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Akuluakulu aja anadziwa kuti kusunga nsomba kumayamba ndi kusunga khalidwe la asodzi.

Pakaoneka zikwanje, miyala kapena nkhafi, chokanipo. Dziwitsani amfumu, ofesi ya za usodzi ndi apolisi. Palibe ukonde umene mtengo wake ungafanane ndi moyo wa munthu. Kumbukiraninso kuti kukhala m'komiti si chilolezo chomenya munthu. Mukamenya, mlandu ukhala wanu.

Ku doko lija tinabwererako. Tinapempha amfumu kuti atiperekeze kwa bambo aja, ndipo tinapepesa chifukwa cha dzina tinawatchula, osati chifukwa cha lamulo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati chimene chinawapweteka si khoka ayi, koma kunyozedwa mphwawo ali pomwepo osanena kanthu. Patapita masiku anamatula okha neti ija n'kuyipereka kwa amfumu. Tikanayamba ndi mawu aulemu, mlembi uja sakanakhala ndi chipsera.

Pomaliza, mkwiyo wa pa doko musapite nawo kunyumba. Amayi ndi ana si amene anakutukwanani. Mukamaliza kulondera, khalani pansi monga komiti, muuzane zimene zakupwetekani, kenako mubalalike.

Pa 1 Novembala nyanja idzatsekedwanso kwa makoka. Tikupempha komiti iliyonse kuti tsikulo lisanafike ichite msonkhano, isankhe woyankhula ndi wolemba, ndipo iwerengere asodzi onse malamulo a pa doko, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanamve. Mafumu athu, tithandizeni kuitana misonkhano imeneyi.