Henry Tayali, Mmisiri Wodinda Zithunzi ndi Thabwa



Munthu akaoloka malire pa Mwami n'kutsata msewu wa Great East mpaka ku Lusaka, amakapeza chiboliboli chotchedwa The Graduate pa yunivesite ya Zambia. Amene anachipanga ndi Henry Tayali, dzina limene kuno ku Guilleme silimveka kawirikawiri. Anabadwira ku Serenje mu 1943, anakulira ku Bulawayo, ndipo luso anakalinola ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf ku Germany. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 43 zokha.

Koma lero tikumukumbukira chifukwa cha zithunzi zake zosema pa thabwa. Ntchitoyi imafuna mtima wodekha. Mmisiri amajambula pa thabwa losalala, kenaka ndi kampeni amagoba malo onse amene akufuna atsale oyera. Pokwera pokhapo ndi pamene pamagwira inki. Akayala pepala n'kulitsindira bwinobwino, chithunzi chimatuluka chotembenuka: dzanja lamanja limasanduka lamanzere. Mpeni ukaphonya, palibe kufufuta. Ku Japan, kwa akatswiri a lusoli, ntchitoyi ankagawana anthu atatu, wojambula, wosema ndi wodinda, ndipo mtundu uliwonse wa inki unali ndi thabwa lake. Dziko limadziwa wojambula Hokusai, koma osema amene ankagwira mpeni ambiri anaiwalika.

Tayali ankakonda kujambula anthu wamba, makamu a m'tauni, nkhope zothinana za anthu ovutikira moyo. Apa m'pamene thabwa limaposa burashi. Chithunzi cha penti n'chimodzi, amachitenga wandalama, pomwe thabwa limodzi limabala zithunzi zambirimbiri, mpaka mphunzitsi naye n'kupachika chake pakhoma. Ku Showgrounds ku Lusaka kuli nyumba ya zaluso yotchedwa dzina lake.

Aphunzitsi, zipangizo zisakuopseni. Zidutswa za matabwa zimangotayidwa kwa akalipentala, ndipo kumbuyo kwa supuni kumatsindira pepala bwino lomwe. Mwana amene wajambula amayi akusenda mtedza kapena ngolo yopita ku msika wa Kamwendo angathe kusema chithunzi chomwecho. Makolo, mukamuona akugoba thabwa musamuthamangitse kuti akutaya nthawi. Mungomuphunzitsa kagwiridwe ka mpeni.

Ndi mawu amenewa, chionetsero cha zojambula za ana athu chatsegulidwa.