Chibangili cha Mikanda ya Mayi Anga

(Awa ndi mawu amene anayankhula mmodzi wa ophunzira akale pamsonkhano wa nthambi yathu ya Lilongwe. Tawalemba monga momwe anayankhulidwira.)



A Mlembi atandiimbira lamya kuti ndidzayankhule lero, anati mutu ndisankhe ndekha. Ndikudziwa kuti ambiri mumayembekezera kuti, poti ndimagwira ntchito ya boma ku Capital Hill, ndikamba za penshoni kapena za kukwezedwa pantchito. Pepani, zimenezo tidzakamba tsiku lina. Lero ndabwera ndi kachibangili kali pamkono pangapa. Ndinakapanga ndekha kunyumba kwanga ku Area 25, ndipo aka n'kachitatu. Koyamba kanaduka, kachiwiri kali ndi mwini wake. Ndikupempha kuti mundilole ndifotokoze za tonse titatu.

Mayi anga anatisiya mu Januwale 2021, nthawi imene matenda a Covid-19 anavuta kwambiri m'dziko muno. Moyo wawo wonse wapabanja anakhala ku Kawale. Mwambo wa maliro utatha, pogawana katundu, tinapeza chitini cha mabisiketi kunsi kwa bedi. M'chitinimo munali mikanda yagalasi yothothoka m'zingwe zake, mabatani, ndi khobidi limodzi loboola pakati, lojambulidwa njovu ziwiri, la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971. Abale anga anasankha mbale ndi zitenje. Chitini chinagwera ine chifukwa panalibe wochifuna.

Apa ndiulule tchimo langa. Ndili mtsikana, mayi ankatunga mikanda pakhonde dzuwa likapendeka, ndipo ankandiitana kuti, “Bwera udzaone, iwe.” Ine ndinkayankha kuti ndili ndi zowerenga. Nditapita ku Chancellor College ku Zomba ndiye zinanyanya, pakuti mumtima mwanga mikanda inali ya anthu osapita kusukulu. Tsono ndinapezeka ndagwira chitini m'manja, digiri ili pakhoma, koma osadziwa ngakhale kumanga mfundo yoti mkanda usapulumuke. Mawu a akulu akoma akagonera.

Pambuyo pake ndinawerengako, ndipo ndinachita manyazi kawiri. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la a Kalonga, katswiri wofukula zakale Dr Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, pamodzi ndi zinthu zamkuwa ndi mapale a mbale za ku China. Buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 2020. Ndiye kuti makolo athu ankagula mikanda ya kutali zaka mazana angapo David Livingstone asanaone nyanja yathu mu 1859. Angoni, amene anawoloka Zambezi mu 1835, anabwera ndi luso lawo la mikanda limene timaliona mpaka lero pamwambo wa Umthetho ku Mzimba ndi wa Umhlangano ku Ntcheu. Amene mukufuna kuona zambiri za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao mukacheze ku Kungoni, ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa ntchitoyi mu 1976. Za mikanda ya m'chiuno sindinenapo kanthu. Imeneyo ndi nkhani ya anamkungwi, ndipo pano pali abambo.

Mu 2023 mwana wanga wamkazi anasankhidwa kupita ku Folomu 1 kusukulu yogonera konko. Inu nonse mukukumbukira usiku woyamba ku hositelo, mmene tinkalirira chamumtima m'bulangete kuopa kusekedwa ndi a Folomu 2. Ndinafuna kumupatsa kanthu kochokera kwa agogo ake, amene anamulera kuyambira ali wakhanda ine ndili kuntchito. Ndinakumbukira chibangili chija Azungu amachitcha charm bracelet, chimene amakolekapo tizinthu ting'onoting'ono, kalikonse kokumbutsa munthu kapena tsiku lina. Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande inkavala chotere, ndipo kampani ya Pandora ya ku Denmark inachitchukitsanso kuyambira mu 2000. Za m'sitolozo ndi zasiliva ndi golide, mtengo wake woti wantchito wa boma angoyang'ana n'kudutsa. Ine ndinati ndipanga changa ndi za m'chitini.

Koyamba ndinakapanga ndekha, osafunsa munthu. Ndinagula lasitiki wopyapyala kumsika, n'kutunga mikanda ya mayi usiku umodzi, n'kumanga mfundo imodzi ngati ya thumba la ufa. M'mawa ndinakavala kuti ndikaonetse anzanga ku ofesi. Potsika minibasi, kachibangili kanakodwa kuchitsulo cha mpando, lasitiki n'kuduka. Mikanda inamwazika pansi pa mipando, ina n'kugwera m'ngalande. Ndinagwada ndi suti yanga kutola, kondakitala akukuwa kuti, “Mayi, tatsikani tizipita!” Ndinatola yosakwana theka. Yotsalayo inapita, ndipo palibe sitolo imene ingandigulitse mikanda imene inakhudzidwa ndi manja a mayi anga. Tsiku limenelo ndinadzitsekera mu ofesi n'kulira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Safunsa anadya phula.

Amene anandipeza ndikulira ndi mayi wina amene amasesa mu ofesi mwathu. Atamva nkhani yanga anati, “Bwana, Loweruka tiyeni ku Chinsapo kwa azakhali anga.” Tinapitadi. Tinapeza gogo atakhala pamkeka, lichero la mikanda lili pamiyendo. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kunena kuti, “Mwana wanga, vula nsapatozo ukhale pansi. Mikanda situngira pampando.” Zimene anandiphunzitsa Maloweruka atatu ndi zimene ndikufuna kukugawirani, chifukwa mwina wina mwa inu ali ndi chitini ngati changa.

Choyamba, musaphunzirire pa mikanda imene simungaipezenso. Gulani yotchipa kumsika waukulu kapena m'masitolo a ku Old Town ogulitsa ulusi ndi mabatani, mulakwitsire pa imeneyo. Ndikuchenjezeni kuti mikanda yambiri imachokera kunja, motero mtengo wake unakwera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Gulani mitundu iwiri kapena itatu basi.

Chachiwiri, yezani mkono. Zungulizani kachingwe padzanja, kenaka mukayeze pa rula. Pa muyeso umenewo onjezerani masentimita awiri kuti chibangili chisathine. Ulusi wotungira muudule wotalika kuposa pamenepo ndi masentimita 15 kapena 20, chifukwa mfundo imafuna pogwira. Ambiri oyamba kumene amaumira ulusi, n'kulephera kumanga pomaliza.

Chachitatu, sankhani ulusi woyenera. Lasitiki ndi wosavuta, koma amatopa, ndipo salimba ndi zinthu zolemera ngati khobidi. Gogo uja amagwiritsa ntchito ulusi wa nayiloni wonga wa mbedza, ndipo amaupinda pawiri, kuti wina ukaduka wina ugwire. Mikanda yagalasi ina imakhala yakuthwa pabowo. Imeneyo muiike pambali chifukwa imadya ulusi pang'onopang'ono.

Chachinayi, yalani kansalu m'lichero kapena m'mbale musanakhuthule mikanda, kuti isagubuduzike. Muindandalike pansalupo monga mmene mukufunira kuti idzaonekere, muione bwino, kenaka muyambe kutunga. Kumapeto kwa ulusi mangani mkanda umodzi woletsa inzake kupulumuka. Ntchitoyi ndi yamasana. Pakandulo, magetsi atazima, wobiriwira ndi wabuluu amaoneka amodzi.

Chachisanu, tizinthu tolendewera tija musatitunge mu ulusi mwachindunji. Pangani timphete ta waya, pozunguliza waya wamkuwa pamsomali n'kudula. Waya wake ukhale wa m'chingwe chakale cha wailesi kapena cha simbi, osati wokadula pamitengo ya magetsi, tingadzakuoneni kundende. Mphete ilowe m'kanthuko ndiponso mu ulusi, pakati pa mikanda iwiri. Potsegula mphete muipotoze cham'mbali, osaikanula ngati kamwa, chifukwa ikakanuka sibwereranso bwino. Tizinthu tisapitirire tisanu, ndipo titalikirane mofanana kuti chibangili chisalemere mbali imodzi.

Chachisanu n'chimodzi ndi chotsekera. Simufunika kugula chachitsulo. Mbali imodzi mangani batani, mbali inayo pangani kagoli ka mikanda ing'onoing'ono koti batanilo lizilowa mothina. Mfundo mumange katatu, mudonthezepo kyutekisi wosakhala ndi mtundu, ndipo nsonga za ulusi muzibweze m'kati mwa mikanda ingapo musanadule. Mukatha, kokani mwamphamvu ndi manja awiri muli pamwamba pa lichero. Ngati n'choduka, chidukire pamenepo, osati m'minibasi.

Pali zinthu zitatu zimene ndikupemphani kuti mupewe. Tinjere tofiira tija ta mutu wakuda, timene timabala pa chomera choyanga chimene akatswiri amachitcha Abrus precatorius, n'tokongola koma tili ndi poizoni woopsa, makamaka tikabooledwa. Mnyanga wa njovu, umene kale ankasemera makoza, ndi mlandu waukulu. Lamulo losinthidwa mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende. Ndiponso musasiye mikanda pamene pali mwana wokwawa, pakuti amaika m'kamwa ndi m'mphuno. Koma mkuwa ukasiya zobiriwira pakhungu musaope kuti mwalodzedwa. Zimachoka ndi sopo.

Kachiwiri kaja ndinakamaliza kutatsala masiku anayi kuti mwana anyamuke. Ndinasakaniza mikanda ya mayi yotsala ija ndi ina yatsopano. Ndinakolekapo zinthu zinayi: khobidi la njovu lija, batani la bulauzi yoyera imene mayi ankavala ku Mvano, kachigoba ka nkhono kamene mwanayo anatola ku Senga Bay ali ndi zaka zisanu, ndi kakiyi ka sutikesi imene ine ndinapita nayo kusukulu kwathu kuja. Sutikesiyo inatha kalekale, koma kiyi ndinasunga.

Nkhani sinathere pamenepo. Apongozi anga atakaona anandiitanira kuseri n'kundifunsa kuti, “Amake mwana, kodi zithumwa mwayamba liti? Mwanayu wakhoza mayeso ndi nzeru zake, mukufuna kumuonongeranji?” Sindinawaseke, chifukwa funso lawo linali loona. Kwathu kuno kanthu komangidwa pamkono kapena m'khosi mwa mwana kamakhala ndi tanthauzo lake, ndipo ngakhale liwu la Chingerezi lija, mukalitembenuza, limagwera ku chithumwa komweko. Ndinawakhazika pansi n'kuwaonetsa chimodzichimodzi. Ndinati, “Amayi, chithumwa chimasokedwa kuti za m'kati zisaoneke. Ichi chilichonse chili poyera, ndipo mwana akudziwa kumene chinachokera. Sichimuteteza ku malungo, sichimulembera mayeso. Ntchito yake ndi kumukumbutsa kuti ali ndi kwawo.” Anagwira batani lija nthawi yaitali, pakuti iwonso ndi a Mvano ndipo ankayenda limodzi ndi mayi anga. Kenaka anapita kuchipinda, n'kubwera ndi mkanda umodzi wabuluu, waukulu, umene anati unali wa mayi awo. Unakhala chinthu chachisanu.

Kusukulu kwakeko, monga zinalili kwathu kuja, salola zibangili. Ndinamuuza kuti lamulo ndi lamulo, akasunge m'sutikesi. Atabwera kutchuthi choyamba anandiuza kuti sabata yoyamba ankatsegula sutikesi usiku uliwonse, kugwira tizinthu tija mumdima n'kumatchula eni ake mpaka tulo. Sabata yachitatu anayamba kuiwala kutsegula. Ndinakondwa ndi zonse ziwiri.

A Wapampando, ndisanakhale pansi ndili ndi mapempho awiri. Loyamba likupita kwa aliyense payekha. Ngati mayi anu, azakhali anu kapena agogo anu akali moyo ku Biwi, ku Area 23, ku Mgona kapena kumudzi, pitani mukakhale nawo pamkeka mwezi uno. Kaya ndi mikanda, kaya kuluka mphasa, kaya kuumba mbiya, kafunseni manja awo akadagwira. Ine ndinachita kukapempha kwa mayi wa eni zimene mayi anga ankandipatsa ulere pakhonde.

Lachiwiri likupita ku komiti. Chaka chilichonse timadandaula kuti thumba lothandizira ana osowa fizi pasukulu pathu ndi lopyapyala. Sindikunamizani kuti zibangili zingalipirire mwana chaka chonse. Ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town angakuuzeni mmene msikawo ulili wothina. Koma tikanati tizikumana Loweruka limodzi pamwezi, n'kupanga zibangili za mitundu ya yunifolomu yathu zogulitsana tokhatokha pamisonkhano ngati uno, sopo ndi makope a ana angapo zikhoza kupezeka. Mphunzitsi alipo ku Chinsapo, ndipo ndikupempha kuti tizimulipira monga timalipirira mphunzitsi wina aliyense. Abambo musadzipatule, timphete ta waya tija tikudikira inu. Lichero, ulusi ndi khonde ndipereka ine. Amene mukufuna, lembetsani maina kwa a Mlembi tisanabalalike.