MPHAMVU ZA BOMA PA NTHAWI YA NKHONDO: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano ku Kasenengwa



Malamulo Akulu a dziko lino, pa ndime 19, apatsa munthu ali yense ufulu wa kupembedza monga afuna. Koma werengani kunsi pang'ono. Ndime 25 ikuti pa nthawi ya nkhondo kapena ya ngozi, Boma likhoza kucepetsa ufulu umenewu ngati kuli kofunikadi. Nanga woyesa kufunikako ndani?

Mu 1940, pa nkhondo ya Hitler, Boma la Atsamunda linaletsa mabuku a Acitawala. Mu March 1959 Bwanamkubwa Arthur Benson analetsa cipani ca Zambia Congress, natumiza a Kenneth Kaunda ku Kabompo osaonekera m'khoti. Makolo athu anati ndi nkhanza za Mzungu, ndipo sananame.

Tsono imvani za 1964. Nkhondo inabuka pakati pa asilikari ndi a mpingo wa Lumpa ku Chinsali, nifika pa Lundazi pompa. Anthu oposa 700 anafa. Ine sindinena kuti Boma likadangopenya mwazi uli kukhetsedwa, iai. Koma nkhondoyo inazirala pa miyezi yowerengeka, pamene lamulo la ngozi linakhalabe zaka 27, kufikira 1991. Mpingowo unaletsedwa, ndipo mai Alice Lenshina anasungidwa popanda kuweruzidwa kufikira 1975. Pa zaka zambiri za izi Mzungu anali atapita kale. Ine ndinagwirapo ukalaliki pa mgodi, ndipo ndidziwa kuti cikalata cosalembedwa tsiku lothera sicicoka pa khoma.

Musayese kuti khoti lidzakuombolani masiku onse. Mu 1967, pa mlandu wa Kachasu, High Court inabvomereza kucotsedwa pa sukulu kwa mwana wa Mboni za Yehova ku Mufulira, cifukwa cokana kuyimba nyimbo ya mtundu ndi kucitira mbendera sailuti.

Lero ndime 30 yamanga Pulezidenti manja pang'ono: akalengeza za ngozi, Nyumba ya Malamulo iyenera kubvomereza asanathe masiku 7, ndipo cibvomerezoco cikhala miyezi 3 yokha, pokhapo aphungu atacionjezera. Ndiye kuti cingwe ciri m'manja mwa aphungu. Phungu wathu wa Kasenengwa akadza kuno, mumfunse pamaso pa mafumu kuti tsiku lotero likafika adzayamba wafunsa ciani asanakweze dzanja.