Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsekera Maphunziro a Kalembera wa Imfa ku Dzaleka



Ntchito mwaphunzirayi ine ndinaiyambira kumanda. Mu 1990, abale athu a ku Mozambique atadzaza ku Nsanje pothawa nkhondo, kolera inabuka ku Nyamithuthu. Ndinali mnyamata. M'mawa uliwonse ndinkalawirira kumanda ndi kope m'manja kukawerenga mitumbira yatsopano, dothi lake likadali lofiira. Ndikabwerera, chiwerengero changa chinkaposa cha imfa za m'kaundula wa odwala. Ambiri ankatsirizikira m'nyumba usiku, osafika n'komwe kwa adokotala.

Aphunzitsi anu akuuzani kale malire a chiwerengero cha imfa, koma ndibwereze. Pa anthu 10,000 alionse, akamamwalira woposa mmodzi pa tsiku, zinthu zafika poopsa. Kwa ana osakwana zaka zisanu, malirewo ndi awiri. Dzaleka anaitsegula mu 1994 kuti isunge anthu ngati 10,000, lero muno muli oposa 50,000. Ndiye kuti maliro akamapitirira asanu tsiku ndi tsiku, musadikire lipoti la pamwezi, thamangani mukanene. Chaka chomwecho cha 1994, m'makampu a othawa kwawo ku Goma munafa anthu pafupifupi 50,000 m'mwezi umodzi, ambiri ndi kolera ndi kamwazi. Ena mwa inu, makamaka achikulire, munaziona ndi maso, ndipo sindingakuphunzitseni.

Tsono pali nkhani imene timaizemba pa misonkhano ngati uno. Chithandizo muno chimabwera powerengera mitu ya anthu pa banja. Gogo akamwalira, dzina lake n'kufufutidwa, m'poto mumachepa. Kodi mayi amene ali ndi ana asanu, ufa wotsala ndi wa masiku awiri, mungamudabwe akakhala chete? Ine sindimuweruza. Koma imfa yobisika imabisanso chimene chapha munthuyo. Ngati anali madzi a pachitsime, mawa akamwa ndi mwana wa neba.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, mukamva kuti pakuti pagwa zovuta, kope likhale kaye m'thumba. Maliro n'kulirana. Khalani pansi, pepesani, ngati Chiswahili kapena Kirundi chikukuvutani tengani mnzanu wodziwa. Mafunso aja, oti anadwala masiku angati, ankatsegula m'mimba kapena ankakhosomola, anali woyembekezera kapena ayi, afunseni misozi itaphwa. Ine ndinafunsapo bambo wina zaka za mwana wake mtembo usanatuluke m'nyumba. Anangondiyang'ana. Mpaka lero manyazi ake sanandichoke.

Makanda ndiwo amatipulumuka kwambiri. Khanda likamwalira la masiku awiri, lisanapatsidwe ndi dzina lomwe, nthawi zambiri amakaliika mwakachetechete, popanda mwambo wa maliro. Adzukulu okumba manda sadziwa, abusa sadziwa. Amene amadziwa ndi amayi, choncho inu amayi mwaphunzira nawo pano, mbali imeneyi tadalira inu. Lembaninso obadwa, obwera ndi ochoka, chifukwa popanda kudziwa amoyo alipo angati, masamu onse aja sangatheke.

Kwa inu akuluakulu amene mudzilandira malipotiwa, chonde muziwabwezera mayankho anthuwa. Munthu amatopa kulemba zinthu zongokasungidwa m'kabati.

Wapampando, ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa.