Jenereta Kapena Magetsi a ESCOM: Thanki ya Mkaka Tiiyendetse ndi Chiyani?



Funso limene latisonkhanitsa lero lachokera m'magulu a alimi a ng'ombe zamkaka. Gulu likapeza thanki yoziziritsira mkaka, kodi ligule jenereta kapena likoketse magetsi a ESCOM? Yankho lathu ndi ili: kumene mawaya ali pafupi, magetsi akhale mphamvu ya tsiku ndi tsiku, jenereta ikhale yodikira tsiku limene magetsi azima. Koma musangovomera chifukwa tanena ndife. Tiyeni tione zifukwa zake pamodzi.

Mkaka sudikira munthu. Umatuluka m'bere la ng'ombe uli wofunda, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana msanga m'menemo. Uyenera kuziziritsidwa kufika pa madigiri 4 pasanathe maola atatu kapena anayi chikamireni. Thanki ikaima, mkaka wa mamembala onse umasasa pamodzi, galimoto ya kampani yogula imaukana, ndipo mayi amene analembetsa malita 10 m'mawa uja amabwerera chimanjamanja. Choncho nkhani ya mphamvu ndi nkhani ya m'thumba la membala aliyense.

Choyamba, tiwerengere mtengo. Jenereta ya dizilo yosamalidwa bwino imatulutsa mayunitsi a magetsi pafupifupi atatu pa lita imodzi. Yaing'ono ya petulo imapereka ochepera apa. Ndiye tengani mtengo wa lita imodzi ya dizilo lero, muugawe patatu, muuyerekeze ndi mtengo wa yuniti imodzi pa lisiti yogulira magetsi. Mupeza kuti yuniti ya jenereta ndi yokwera kangapo. Pamwamba pake onjezani oilo, masefa, malipiro a makaniko ndi ndalama ya kabaza wokatenga mafuta ku tauni. Kukoketsa magetsi kumapweteka kamodzi, tsiku lolipira. Jenereta imadya tsiku lililonse limene yalira. Walira mvula walira matope: gulu logula jenereta lidziwe kuti lagulanso udindo wa mafuta.

Chachiwiri, kudalirika. Magetsi ambiri m'dziko muno amapangidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi atachepa m'nyanja ya Malawi mu 2016 ndi 2017, magetsi ankazima kwa maola ambiri pa tsiku. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko linataya mphamvu zokwana mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo anayambanso kugwira ntchito mu 2023. Komanso sitinaiwale mizere ya pa malo omwetsera mafuta mu 2022 ndi 2024, pamene munthu ankagona pa mzere ali ndi ndalama m'manja. Phunziro lake n'lakuti njira zonse ziwiri zimagwa, koma kawirikawiri sizigwa tsiku limodzi. Gulu lokhala ndi zonse ziwiri, ndi zigubu ziwiri za dizilo zosungidwa pa malo otetezeka, silitaya mkaka wamba.

Chachitatu, kukula kwa jenereta. Apa m'pamene magulu ambiri amatayira ndalama. Mota ya thanki ikamayamba kuzungulira imakoka mphamvu yoposa katatu imene imakoka ikakhazikika. Jenereta yongofanana ndi nambala yolembedwa pa thanki imatsamwa poyambitsa, ndipo mapeto ake mota imapsa. Musanapite kusitolo, koperani zonse zolembedwa pa kachitsulo kamene kali pa thanki: makilowati ake, komanso ngati ndi ya single phase kapena three phase. Pepalalo mupite nalo kwa katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, ndiye akuuzeni kukula koyenera. Kajenereta kotchipa koyatsira wailesi ndi mababu sikangayendetse thanki. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachinayi, chitetezo cha moyo. Jenereta isalumikizidwe ku mawaya a nyumba pongolowetsa pulagi pakhoma. Mphamvu yake ikhoza kubwerera m'mawaya a panja n'kupha wantchito amene wakwera pa pholo akudziwa kuti magetsi azima, ndipo magetsi akabwera mwadzidzidzi jenereta imaonongeka. Pamafunika swichi yosinthira, imene amisiri amaitchula kuti changeover, yoti ikatsegula njira imodzi inayo itsekeke. Chinanso, utsi wa jenereta uli ndi mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Ikhale panja, m'kashedi kopita mphepo, kutali ndi mazenera. Mlonda asagone nayo m'chipinda chimodzi poopa akuba, ngakhale kukazizira chotani. Ndipo tisathire mafuta ikulira kapena ikadali yotentha.

Nanga magulu amene ali kutali ndi mawaya? Kwa iwo jenereta ndiyo poyambira, koma isakhale pothera. Funsani mtengo wa sola yokhala ndi mabatire, kapena thanki yopanga madzi oundana masana kuti aziziziritsa mkaka wa madzulo. Mtengo wogulira ndi waukulu, koma dzuwa silikhala ndi mzere. Komanso lembani kalata kudzera kwa mafumu, komiti ya chitukuko ya m'dera ndi khonsolo ya boma lanu, yopempha kuti malo anu alowe m'ndondomeko ya MAREP yofikitsa magetsi kumidzi.

Pamenepa tili ndi pempho kwa boma. Posankha malo oti MAREP ifikeko, malo osonkhanitsira mkaka, zigayo ndi masikimu a mthirira aganiziridwe limodzi ndi masukulu ndi zipatala. Thiransifoma imodzi pa malo otere imatumikira mabanja ambiri, ndipo alimi amalipira magetsiwo ndi ndalama za zokolola zawo. Tikupemphanso kuti ndondomeko ya kuzima kwa magetsi izilengezedwa nthawi ilipo ndi kutsatidwa, kuti tizidziwa tsiku lokonzekera mafuta.

Pobwerera kwanu, chitani zinthu zitatu. Gwirizanani kangachepe kodula pa lita iliyonse ya mkaka kuti kalowe m'thumba la mafuta ndi zokonzetsera, ndipo msungichuma azipereka lipoti mwezi ndi mwezi. Tsegulani kaundula wolembamo maola amene jenereta yalira, malita amene yamwa ndi tsiku losintha oilo monga buku lake likunenera. Sankhani anthu awiri, mayi ndi bambo, oti aphunzire kuiyatsa ndi kuizimitsa, ndipo aziiyesa kamodzi pa sabata ngakhale magetsi alipo.

Msonkhano wotsatira gulu lililonse libwere ndi kaundula wake, tidzayerekeze manambala.