Kukonzekera musanachoke m'nyumba ya nkhanza

Mwamvera sewero lathu la lero. Mwamva nokha m'mene Nabanda anauzira mwamuna wake pamaso kuti, "Mawa ndikupita kwathu." Usiku womwewo bamboyo anakhoma chitseko, nalanda foni, ndipo anam'menya koposa masiku onse. Ena mwafunsa ngati Nabanda analakwa pofuna kuchoka. Ayi, sanalakwe. Wolakwa ndi womenya. Komabe seweroli latiphunzitsa kanthu.

Pa ntchito yanga ya unamwino ndatsuka mabala a amayi ambiri amene poyamba ankati anagwa pa njinga kapena anawombedwa ndi chitseko. Chimene ife a zaumoyo tikudziwa ndi chakuti nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mayi akuchoka, kapena atangochoka kumene, chifukwa wankhanza uja amaona kuti ulamuliro wake ukutha. Choncho musalengeze za ulendo wanu. Konzekerani mwakachetechete.

Pali zizindikiro zoonetsa kuti moyo wanu uli pa chiswe. Ngati anakukanyanganipo pakhosi, ngakhale kamodzi kokha; ngati amakuopsezani ndi mpeni kapena chikwanje; ngati amanena kuti adzakuphani kapena adzadzipha; ngati amakumenyani muli ndi pakati, musayembekezere kuti asintha mawa. Funani thandizo msanga.

Tsopano nazi njira zisanu zokonzekera.

Choyamba, pezani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Akhoza kukhala mchemwali wanu, mnansi, mayi wa kumpingo kapena mlangizi wa zaumoyo. Ankhoswe ndi ofunika m'banja, koma ntchito yawo ndi kukhazika pansi mbali zonse ziwiri, ndiye nkhani ya ulendo wanu ikhoza kufika kwa mwamuna musananyamuke. Panganani chizindikiro ndi mnzanuyo. Mwachitsanzo, mwana akabwera usiku kudzapempha mchere, adziwe kuti zinthu zavuta ndipo aitane anthu.

Chachiwiri, mangani kathumba ndipo mukasungitse kwa mnzanuyo. Muikemo chiphaso chanu cha unzika, mabuku a kuchipatala anu ndi a ana, kalata ya ukwati ngati ilipo, ndi zovala zochepa. Ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV kapena a shuga, musawaiwale, chifukwa kudukiza mankhwalawa n'koopsa. Mapoto ndi mipando zisiyeni, mudzazitenga bwino lake pamodzi ndi apolisi kapena a mfumu.

Chachitatu, sungani ndalama pang'onopang'ono, zokwanira basi ndi chakudya cha masiku angapo. Mukhoza kusungitsa kubanki m'khonde kapena pa foni, koma nambala yachinsinsi ikhale mumtima mwanu mokha. Mukaimba foni yopempha thandizo, fufutani. Nambala za anthu awiri muziloweze pamtima, popeza foni imalandidwa.

Chachinayi, dziwiranitu kumene mudzapite ndi nthawi yake. Kwa makolo anu ndiko kumene iye adzayambire kukufunani, choncho khalani ndi malo ena achiwiri. Chokani iye kulibe, pa ulendo umene sungam'dabwitse, monga wa kusikelo, kuchigayo kapena kumsika.

Chachisanu, konzekeretsani ana. Awuzeni kuti ndewu ikayamba asalowe pakati, koma athawire kwa mnansi. Ana aang'ono musawauze tsiku lonyamuka, chifukwa mwana sasunga nkhani. Inunso mkangano ukabuka, musathawire kukhitchini kapena kumene kuli makasu ndi nkhwangwa. Khalani pafupi ndi khomo.

Nanga thandizo lili kuti? Ngati mwavulazidwa, pitani kuchipatala ndipo munene zoona, kuti dokotala alembe mabala onse. Zolembazo zimakhala umboni kubwalo la milandu. Ngati mwagwiriridwa, fikani pasanathe maola 72 kuti mulandire mankhwala oteteza ku kachirombo ka HIV ndiponso oletsa kutenga mimba. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yomva madandaulo a nkhanza. M'zipatala zikuluzikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, muli malo otchedwa One Stop Centre, kumene a chipatala, apolisi ndi alangizi amathandizira pamodzi. Nkhani ikakhudza ana, imbani 116 mwaulere.

Dziwaninso kuti m'chaka cha 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja. Mwa lamuloli, bwalo la milandu likhoza kuletsa wankhanza kukumenyani, kukuopsezani kapena kukuyandikirani. Likhozanso kulamula kuti iyeyo ndiye atuluke m'nyumba, inu ndi ana mutsale. Izi n'zofunika makamaka kwa amayi a ukwati wa chikamwini, amene munda ndi malo ndi zawo. Lamuloli limatetezanso abambo ndi ana amene akuzunzidwa.

Mukachoka, nkhani sinathe. Ambiri amabwera akulira, atanyamula nsalu yatsopano, ndi kulonjeza kuti sadzayambiranso. Musakumane naye muli nokha. Dziwitsani a mfumu a kumene mwafikira, ndipo muwauze aphunzitsi aakulu dzina la amene ali ndi chilolezo chotenga ana kusukulu. Ngati munachokapo kale n'kubwerera, musachite manyazi. Amayi ambiri amayesa kangapo asanachokeretu, ndipo khomo la chipatala silitsekeka kwa inu.

Pomaliza ndilankhule ndi inu abale ndi anansi. Timakonda kunena kuti banja ndi kupirira. Zoonadi, timapirira njala, matenda ndi umphawi, koma chibakera sichopirira. Mayi akakuululirani mavuto ake, musam'funse chimene analakwa, ndipo musam'kakamize kuchoka lero lomwe. Iye ndiye akudziwa bwino kuopsa kwa m'nyumba mwake. M'khulupirireni, m'sungireni kathumba kake, ndipo m'perekezeni kuchipatala kapena kupolisi.

M'magulu anu omvera wailesi kambiranani funso ili: kodi Nabanda akanagogoda pakhomo panu usiku uja, mukanatani?